Ndinasainira thanki imene sindinaione, mudzi unataya mjigo

Inu owerenga, ine ndinapha mjigo wa anthu ndi cholembera. Sindinaphwanye chitsulo chilichonse, sindinabe paipi, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti chiphuphu sindinalandire, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu kuti ndi omwewa a m'maofesiwa. Ayi ndithu. Ndinangosaina pepala lonena kuti thanki ya petulo ndaiona ndipo ili bwino, chikhalirecho thankiyo inali itakwiriridwa kale pansi pa simenti. Nkhaniyi ndakhala nayo m'mimba nthawi yaitali, ndipo ndaganiza zoilemba kuti mwina wina amene wagwira cholembera lero ayambe waima kaye.

Dzina langa ndi la ofesi yanga sinditchula. Chimene mungadziwe n'chakuti ndine mwana wa konkuno ku Phalombe, ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo ntchito yanga ndi yoyendera malo pamene munthu akufuna kumanga chinthu chachikulu, kuona ngati sichidzaononga madzi ndi nthaka ya anthu oyandikana nacho. Pa pepala ndi ntchito yolemekezeka. Koma nthawi imeneyo ofesi yathu inali ndi njinga yamoto imodzi, ife anthu anayi, ndipo mafuta a njingayo ankabwera mwa apo ndi apo. Tinkasekana tokha kuti ndife akatswiri oyendera malo titakhala pampando.

Mumvetse kaye momwe chilolezo cha malo omwetsera mafuta chimayendera, apo ayi nkhani yangayi simuimva bwino. Palibe ofesi imodzi imene imaona zonse. Ife a kuno timaona za malo. Ku tauni kuli bungwe loyang'anira za mafuta, ndilo limapereka chiphaso chogulitsira. Kuli ena oyeza mapampu kuti lita ikhaledi lita. Kuli a zozimitsa moto, kulinso a zamadzi. Fomu imodzi imadutsa m'maofesi onsewa, aliyense n'kuika siginecha ndi chidindo pa mzere wake. Dongosolo lake n'lakuti tonse tipite tsiku limodzi thanki isanakwiriridwe, tiione ndi maso, aiyeze ndi makina ngati sikudontha. Koma chimene tinazolowera n'china. Fomu imayenda yokha m'manja mwa mwini bizinesi, ofesi ndi ofesi, ndipo aliyense akaona kuti mnzake wasaina kale, mtima umakhala m'malo, nayenso n'kusaina.

Amene ankamanga siteshoni ya mafuta ya nkhani yangayi ndiwatcha a Dayitoni, ngakhale si dzina lawo. Anali munthu wa geni yogula nandolo ndi mpendadzuwa pa senta ina panjira yopita ku Chiringa, munthu wansangala, wodziwa maliro a aliyense. Musayembekeze kuti ndiwanena kuti anali munthu woipa, chifukwa sanali. Ndiponso siteshoniyo anthu ankaifunadi. Pa sentapo petulo ankagulidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wochokera m'zigubu zodutsa malire, wina wosakaniza ndi parafini. Anyamata a kabaza ankalira ndi mainjini ofa, eni zigayo ankatsata dizilo mtunda wautali. Anthu atamva kuti pabwera mapampu enieni, zinali ngati ukwati. Ine ndemwe ndinakondwa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anabwera ndi funso. Anali mayi Esinati, wapampando wa komiti ya mjigo wa mudzi umene uli kuseri kwa sentayo. Mayi wachikulire, wamasiye, wa bondo lovuta, amene nyumba yake inali yoyamba kuchokera pa mjigo. Ankaphika thobwa logulitsa pa msika, ndipo madzi otayikira pa mjigopo anawakonzera kangalande kopita ku dimba lawo la mpiru ndi tomato. Anafika ku ofesi pa kabaza, ambulera m'manja, anandipatsa moni wonse mpaka kufunsa za ana, kenaka anati: "Bambo, dzenje akukumbalo lili pafupi ndi mjigo wathu. Mafutawo ndi madzi athu sizidzakumana pansipo?"

Ndinaseka pang'ono, Mulungu andikhululukire. Ndinawafotokozera kuti thanki ya mafuta ndi chitsulo chokhuthala, kuti kubwera akatswiri a ku tauni ndi makina, kuti boma silingalole chinthu choopsa. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, Chizungu ndikuponyamo apa ndi apo. Iwo anangoti chabwino, poti inu ndi amene munapita kusukulu, n'kunyamuka.

Tsiku loyendera malowo tonse pamodzi linaikidwa katatu, katatu konse linalephereka. Koyamba a ku tauni anati galimoto yawo yapita dera lina. Kachiwiri anati alawansi sinatuluke. Kachitatu, musaseke, mafuta anali atasowa m'dziko, ndipo galimoto ya anthu oyang'anira za mafuta inali pa mzere wa mafuta. Pamenepo n'kuti mvula yoyamba itagwa. Amene mumalidziwa dothi lathu lamakande mukudziwa chimene limachita likanyowa. Dzenje la a Dayitoni linayamba kudzaza madzi, m'mbali mukugumuka. A Dayitoniwo anaimba foni uku ndi uku, palibe anawayankha zogwira mtima. Basi analowetsa thanki yawo, kukwirira, kuthira simenti pamwamba.

Patapita sabata ziwiri anatulukira ku ofesi ndi galimoto yawo, fomu ili mu envelopu. Anati poti njinga yathu ilibe mafuta, anditenga okha kuti ndikaone. Zimenezi sizinali zachilendo, ndi mmene tinkagwirira ntchito: amene ukukamuyendera ndi amene amakunyamula. Koma inu owerenga, mumve kwa ine amene ndinakwerapo. Ukakhala pa mpando wakutsogolo m'galimoto ya munthu, akukufunsa za odwala kwanu, akuima panjira kukugulira chimanga chootcha, pofika kumene mukupitako pakamwa pako pamakhala patalemera kale. Mawu akuti ayi satuluka bwino.

Titafika ndinapeza simenti itauma, mapampu awiri ataima, denga likukhomedwa. Ndinafunsa kuti thanki ili kuti, iwo anaponda pansi n'kuseka, amvekere ili pomwe mwaimapo, bwana. Anatulutsa foni kundionetsa zithunzi: thanki yobiriwira, penti ikuwala, anthu ataizungulira ndi zingwe. Ndinafunsa kumene anaigula, anati kwa anzawo ena kutsidya kwa malire, ndipo n'njabwinobwino. Mapepala a thankiyo sindinawapemphe. Kenaka ndinayenda ndekha kuchoka pa simentipo kupita ku mjigo, ndikuwerenga mapazi. Sanakwane makumi asanu. Ndiponso malowo ndi otsetsereka, kuchoka ku siteshoni kutsikira ku mjigo. Amayi amene ankapopa madzi anandipatsa moni atanyonyomala, ine n'kuyankha. Ndinadziwa. Sindinganame kuti sindinadziwe.

Chimene ndinayenera kulemba chinali chachifupi: thanki sindinaione, ifukulidwe, ndipo malowa ayandikira mjigo. Koma kulemba zimenezo kunali kuuza munthu aswe simenti yake yatsopano. Kunali kudana ndi senta yonse, kabaza aliyense kumandiloza chala kuti uyu ndi amene akutsekereza chitukuko. Kunali kukafotokoza kwa abwana anga chifukwa chimene kamunthu ngati ine kakuimitsira ntchito imene akuluakulu anali atayamba kale kuitchula m'misonkhano. Ndiye ndinadzinyengerera ndekha. Ndinati ine wanga ndi mzere umodzi chabe. Za thanki eni ake ndi a bungwe la mafuta, ali ndi makina, akabwera aona okha, ngati pali vuto akana iwowo. Ndinatsamira pa boneti ya galimoto, n'kusaina, n'kudinda. Pa fomu yonseyo siginecha yanga inali yoyamba. Pobwerera tinaima pa malo ena odyera, ndinadya mpunga wa nkhuku, ndipo ndinakhuta.

Fomu inapita ku tauni ndi a Dayitoni, inabwerako itadzaza zidindo. Siteshoni inatsegulidwa, anthu anavina, a kabaza anayenda mdipiti akuliza mahutala. Inenso njinga ya ofesi ikapeza mwayi ndinkamwetsa pomwepo. Chaka chinatha bwinobwino, ndipo nkhani ya mapazi makumi asanu aja ndinaiiwala.

Zinayamba itatha mvula ya chaka chachiwiri, imene inagwa yambiri zedi. Amayi olawirira ku mjigo ndi amene anayamba kumva kafungo m'ndowa zoyambirira. Tiyi anayamba kumveka zachilendo. Anthu ogula thobwa la mayi Esinati ankangolawa n'kubweza kapu. A komiti anaganiza kuti mwina pokonza mjigo wina anachulutsa girizi, ndiye anamasula zonse, kutsuka mapaipi, kusintha mipira, kubwezeretsa. Fungo linangowonjezeka. Madzi akakhala m'ndowa, pamwamba pankayandama timafuta tonyezimira mitundumitundu. Ana anayamba kudandaula m'mimba, ena kusanza, ena kuyabwa thupi akasamba.

Mayi Esinati anabweranso ku ofesi, ulendo uno opanda moni wautali. Anatulutsa botolo la pulasitiki m'chikwama, kuliika pa tebulo langa, n'kulitsegula. Sipanafunike makina. Anzanga a m'chipindamo anadzutsa mitu onse, wina mpaka anafunsa ngati njinga ikudontha panja. Mayiwo anandiyang'ana n'kunena kuti: "Bambo, munati sizidzakumana. Zakumana."

Abale inu, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Ndinawalonjeza kuti sabata isanathe zikhala zitakonzeka. Limenelo linali bodza langa lachiwiri kwa iwo, ngakhale polinena ndinkaganiza kuti ndikunena zoona.

Abwana anga anati ndilembe makalata, ndinalemba. A bungwe la mafuta anayankha patatha milungu itatu kuti nkhani ya madzi oonongeka si yawo, ndi ya a zamadzi ndi ife a zachilengedwe. A zamadzi anati iwo ntchito yawo ndi mijigo, ndipo mjigowo ulibe vuto, ukupopa bwino, vuto ndi thanki, thankiyo eni ake ndi a mafuta. Oyeza mapampu anati anabwera, anayeza, lita ikukwana. A zozimitsa moto anandifunsa pa foni ngati pali chimene chayaka. Nditati ayi, anati ndiye tiimbireni chikayaka. Ndinabwerera kwa abwana anga kuwapempha kuti ife tomwe tikatseke siteshoniyo. Anandiyankha modekha kuti chiphaso chogulitsira mafuta sitinapereke ndife, sitingalande chimene sitinapereke, ndipo a Dayitoni akatitengera ku khoti popanda umboni wa ku labu, adzayankhe ndani? Botolo la madzi ndinalinyamula ndekha pa minibasi kupita nalo ku tauni kuti akaliyeze. Kumeneko a zamadzi a ku labu anandiuza kuti botolo langa si loyenera, madzi ayenera kutungidwa ndi munthu wawo, m'botolo lawo, ndipo munthu wawoyo alibe thiransipoti.

Chimene chinkandipweteka mutu n'chakuti palibe amene ankanama. Aliyense ankanena zoona za mzere wake. Ndinakalipa pa foni mpaka mawu anasasa, ndinatchula anthu maina amene sindingawalembe pano, koma ndikaika foni pansi ndinkakumbuka kuti inenso ndinaganiza chimodzimodzi nditatsamira pa boneti paja.

Miyezi inayi inadutsa choncho, siteshoni ikugulitsa, thanki ikudontha. Alangizi a zaumoyo anauza anthu kuti asiye kumwa madziwo, ndipo kuti mankhwala othira m'madzi aja amapha tizilombo, petulo sachotsa. Koma anthu akanamwa kuti? Ena ankatunga n'kuwasiya agone, m'mawa n'kuyengula pamwamba n'kumwa apansiwo. Mayi Esinati ataona ana akupitiriza kudwala, anagula loko n'kukhoma mjigo. Amayi anzawo, amene anakhala nawo zaka zonsezi, anawatukwana pamaso, ena amvekere adya ndalama za a Dayitoni, ena amvekere akufuna madzi akhale a dimba lawo lokha. Loko anaphwanya ndi mwala. Zonsezi zinkagwera mayi amene anali yekhayo wofunsa funso loyenera nthawi isanathe.

Nditatopa ndi makalata ndinabwereka njinga yakapalasa n'kupita kwa a Dayitoni ndekha. Poyamba anapsa mtima, anati anthu ansanje akufuna kuwagwetsa, mapepala awo onse ali m'malo, ndipo anandikumbutsa kuti woyamba kusaina ndinali ine. Sindinatsutse. Ndinangowafunsa ngati petulo amene amathira mu thanki amafanana ndi amene amatuluka pa pampu. Kenaka anaulula kuti kwa miyezi ingapo akaviika ndodo yoyezera, petulo ankapezeka wochepa. Iwo ankaganiza kuti antchito akuwabera, moti anali atachotsa kale ntchito mtsikana wina wogulitsa pa pampu, mtsikanayo akulira kuti sanabe. Ndinawatenga kupita nawo ku mjigo, ndinapopa ndekha, iwo anatchera dzanja n'kununkhiza. Nkhope yawo inagwa. M'mawa mwake anamanga pampu ya petulo ndi thumba n'kulemba kuti palibe. Ndiye mudziwe kuti pa maofesi onse asanu aja palibe imene inaimitsa thankiyo. Anaimitsa mwini wake. Ndipo kuti akuluakulu a ku tauni afike kudzaona, anachita kuwatumizira galimoto a Dayitoni omwewo.

Tsiku lofukula thanki anthu anadzaza ngati pa msika. Simenti itasweka, fungo linabuka loti amayi anatseka mphuno ndi zitenje. Dothi lozungulira thankiyo linali lonyowa ndi petulo. Ataikweza ndi matcheni tonse tinaona: penti yobiriwira ija inali itasupuka, pansi pake dzimbiri lokhalokha, ndipo kumimba kwake kunali zigamba ziwiri zowotcherera. M'mphepete mwa chigamba chimodzi munali kabowo kakang'ono koti ngakhale njere ya nandolo singalowe. Kameneko ndi kamene kanatha mudzi. Inali thanki yakale, yofukulidwa pa siteshoni ina imene inatsekedwa kutsidya kwa malire, anangoiwotcherera n'kuipaka penti. A Dayitoni anaigula motchipa akukhulupirira mawu a wogulitsa. Zigambazo munthu aliyense wa maso akanaziona thankiyo ili pamtunda, ngakhale wopanda makina. Ine ndikanaziona.

Masana ake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siteshoni, ife a maofesi pa mipando, anthu a m'mudzi pansi. Fayilo inatsegulidwa. Bambo wa ku bungwe la mafuta, munthu waulemu wake, wa magalasi, anafotokoza kuti iwo ndi anthu owerengeka, masiteshoni ndi ambiri dziko lonse, sangafike paliponse. Anati ataona kuti wa kuderako, amene amakhala pafupi, wasaina kuti thanki waiona, iwo anadalira zimenezo. Ndinaimirira n'kunena kuti ine ndinasaina podziwa kuti iwo abwera ndi makina. Anandiyankha mosakweza mawu kuti makinawo nthawi imeneyo anali owonongeka, ankadikira chitsulo chochokera kunja. Wa zamadzi anati iye anasaina ataona zidindo ziwiri. Wa zozimitsa moto anati iye anaona zitatu.

Apo mayi Esinati anakweza dzanja ali pa mphasa, bondo atalitambasula. Anati: "Pepani mabwana, ine sukulu sindinapite nayo patali. Mwa anthu nonsenu amene mwadinda pa pepalapo, amene anaiona thankiyo ndi ndani?"

Wina anayang'ana foni, wina anakonza tayi. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

A zamadzi, amene tsopano anali atabwera ndi mabotolo awo oyenera, ananena kuti petulo walowa m'madzi a pansi pa nthaka, ndipo sangalonjeze kuti adzatha liti, mwina zaka zambiri. Mjigo unayenera kutsekedwa, osati ndi loko, koma kuuzula mutu. Ndinalipo tsiku limenelo. Amisiri anamasula chogwirira, anatulutsa mapaipi limodzilimodzi n'kuwayala pa udzu, pabowo n'kuwotchererapo chitsulo. Amayi anaima patali ndi ndowa zopanda kanthu. Mjigo umenewo anaupeza movutikira, anasenza okha mchenga ndi njerwa pomanga, anausamala zaka zonsezo osafa ngakhale mwezi umodzi. Unali wamoyo, ukutulutsa madzi ambiri, ndipo tinauzula tikuona.

Mjigo wina unakumbidwa patapita miyezi, a Dayitoni anathandizapo, a mpingo wina anathandizapo. Koma akatswiri anati mbali yonse ya kumunsi kwa siteshoni n'njokayikitsa, ndiye anakaukumba kumtunda, kutsidya kwa mtsinje umene umatsika kuchokera m'phiri. M'chilimwe ndi ulendo wotheka, kungoti wautali, munthu amapita kawiri patsiku basi watopa. M'dzinja mtsinjewo ukadzaza palibe amawoloka, ndipo anthu amatunga m'zithaphwi ndi m'zitsime zosatetezedwa monga ankachitira makolo awo mjigo usanabwere.

Mwina mukudikira kuti ndikuuzeni za chilango changa. Palibe. Lipoti linatuluka lonena kuti vuto linali kusalumikizana pakati pa maofesi, ndipo linalangiza kuti tizikumana pafupipafupi. Dzina la munthu munalibe. Sindinachotsedwe ntchito, sindinatsitsidwe, ngakhale kalata ya chenjezo sindinalandire. A Dayitoni anagula thanki yatsopano yokhala ndi mapepala ake, anaikwirira mbali ina, ulendo uno tonse asanu tinabwera kudzaiona, mpaka kujambulitsa. Siteshoni ikugulitsa mpaka lero. Mtsikana anachotsedwa ntchito uja ndinamva kuti anapita ku tauni kukagwira ntchito ya m'nyumba, sindikudziwa ngati wina anamupepesa. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanandilanga bwenzi mtima wanga utapepukako.

Mayi Esinati anapirira chaka chimodzi. Dimba linauma, thobwa anasiya chifukwa madzi ophikira ankafuna maulendo amene bondo lawo silikanatha, ndipo kugula madzi kwa a njinga tsiku ndi tsiku sakanakwanitsa. Nyumba imene anamanga ndi malemu amuna awo, imene kale anthu ankaisirira kuti ili pakamwa pa mjigo, inasanduka yakutali ndi madzi kuposa zonse. Anaganiza zosamukira kwa mng'ono wawo ku Mkhumba. Tsiku lonyamuka anadzera ku ofesi, kabaza akuwadikira panja. Anatsitsa thumba lolemera pafupi ndi tebulo langa. M'katimo munali masipanala a komiti, mipira yatsopano imene sanaigwiritse ntchito, ndi chogwirira cha mjigo chija, chosalala ndi manja a anthu.

Anati: "Komiti yatha, bambo. Zipangizo za mjigo ndi izi. Poti munasaina ndi inu, sungani."

Ndinawakokera mpando, anakana. Ndinayamba kupepesa, iwo anangoti zikomo, tsalani bwino, mupereke moni kwa amayi kunyumba. Sananditukwane, ndipo ndikanakonda akananditukwana. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akukwera kabaza movutikira, mwendo wodwalawo akuchita kuukweza ndi manja.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi chidindo m'dirowa, ndikupempheni. Musasaine chinthu chimene simunachione, ngakhale mzere wanu ukhale waung'ono chotani. Musamati mnzanga wa ofesi inayo aona, chifukwa nayenso akuti inu mwaona. Ngati ofesi yanu ilibe mafuta, lembani kuti sitinapite chifukwa tilibe mafuta, pepalalo likhale losasaina, achite manyazi ndi amene sakupereka mafutawo. Ngati mwakwera galimoto ya munthu amene mukukamuyendera, dziwani kuti mwayamba kale kugonja, ndiye mulimbe kawiri. Inu a bizinesi, thanki yotchipa yopanda mapepala isiyeni, ndipo musakwirire chinthu anthu oyenera asanachione, ngakhale akuchedwetseni mpaka kukwiya. Akuluakulu amene mumakonza malamulo, tipatseni ofesi imodzi imene mayi wonyamula botolo la madzi onunkha angapiteko, n'kupeza munthu amene sanganene kuti si zanga. Ndipo inu a m'midzi, munthu wa tayi akakuyankhani ndi Chizungu chambiri, musachite naye manyazi. Mufunseni kuti kodi mwaona ndi maso anu? Akayamba kuzungulira, musachoke.

Ine ndinaopa kuswetsa simenti ya munthu mmodzi. Pamene ndikulemba pano mvula yagwa masiku atatu osalekeza ku Michesi, mtsinje uja wadzaza mpaka m'minda, ndipo sindikudziwa kuti ana a m'mudzi muja amwa chiyani lero.